Mtanda Umene aZilembo Anasiya Osalemba

Chaka chathunthu amalume anga anagona pansi pa mtanda wopanda dzina. Munthu amene analemba mayina pa mitanda ya anthu osawerengeka a ku Kapata ndi ku Nabvutika, makomboni a m'tauni yathu ya Chipata, iwo eni ake n'kugona ngati mlendo wofera pa siteshoni. Anthu opita kumanda kukaika anzawo ankaima pamenepo n'kumafunsana kuti kodi abale a munthuyu ndi osauka chotani, mpaka kulephera kachitini ka penti. Mawu amenewo ankandipeza pamsika pamene ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, ndipo ankandiwawa kwambiri. Koma sindikanachitira mwina chifukwa eni ake ndiwo analamula. Mtandawo anaupala okha akadali ndi mphamvu, anaupaka penti yoyera, anakandapo mizere ndi msomali kuti zilembo zidzayende mowongoka, n'kuupachika kudenga la shedi yawo. Anandiuza ine, anauzanso akatekisiti, kuti dzanja lodzalemba pamenepo ndi limodzi lokha, la mwana wawo Dominiko. Akapanda kubwera, mtanda ukhale choncho.

Tsono Dominikoyo anali atatha zaka zoposa khumi osalankhula ndi bambo ake.

Dzina lawo anali a Lukasi Mbewe, alongo awo a amayi anga, koma mukanafunsa dzina limenelo pa Kapata anthu akanangokuyang'anani. Onse ankawadziwa kuti aZilembo. Ntchito yolemba ndi bulashi anaiphunzira ku mishoni ali mnyamata, kenaka anakhoma kashedi ka malata pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene maminibasi amaima. Analemba zikwangwani za magolosale, za mabala, za ometa tsitsi, koma ntchito imene ankaikonda inali ya mitundu iwiri: mabodi osonyeza kumene galimoto ikupita, ndi mitanda ya kumanda. Ankati ntchitozi ndi imodzi, kungoti okwera enawo sabwerera.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, zala zawo zosayera ngakhale pa Khirisimasi. Polemba ankatulutsa kalilime pambali pa kamwa, ndipo ukawalankhula nthawi imeneyo unkangodzilankhula wekha. Chilembo chawo cha G chinali ndi kamchira kopindikira m'mwamba, moti ngakhale galimoto ikuthamanga unkadziwa kuti apa padutsa dzanja la aZilembo. Koma chimene chinkatopetsa makasitomala si kuchedwa kwawo ayi. Anali mafunso. Munthu ukabwera ndi mawu oti akulembere, ankayamba akukhazika pa chitini, n'kukufunsa ngati ukudziwa kwawo kwa mawuwo. Ankati mawu ali ngati anthu, aliwonse ali ndi kwawo, ndipo suyenera kukweza m'galimoto yako munthu amene sukudziwa kumene wachokera.

Madalaivala ankadandaula koma ankabwerabe. Wina anafuna kuti kumbuyo kwa minibasi yake alembe kuti MALEKEZERO, poti ankati iyeyo ndi womaliza pa liwiro, palibe womuposa. Amalume anamufunsa mofatsa ngati akufuna okwera kapena akufuna olira. Anamufotokozera kuti malekezero ndi pamene chinthu chalekera, njira yaduka, kutsogolo kulibe, ndipo mayi wanzeru sangakweze ana ake m'galimoto yonena zimenezo. Dalaivalayo anachoka atalembetsa dzina la amayi ake. Bodi la Nabvutika ankalilemba akung'ung'udza, ati anthu avutika kale tsiku lonse m'tauni, madzulo akwerenso galimoto yowakumbutsa. Ndiye ankalipaka mitundu yowala kuposa mabodi onse, n'kujambulapo kaduwa pakona, ati livutike dzina lokha.

Za dzina la tauni yathu ankazinena monyada. Ankati Chipata ndi polowera, ndi potulukira, mpata wa pakati pa mapiri, ndiye munthu wobadwira pachipata asamadabwe kuti abale ake amwazikana, ena ku Lusaka, ena kuseri kwa boda ya Mwami. Koma ankakana kuti ulendo umathera pa malo. Ankandiuza kuti ndimvetsere bwino mmene timafunsirana. Munthu akanena kuti akupita ku Katete kapena ku Lundazi, funso lotsatira limakhala lakuti ukafikira kwa yani. Ndiye kuti kwa ife kofikira si dzina la pabodi, ndi munthu amene akakutsegulira chitseko n'kukupatsa madzi. N'chifukwa chake midzi yathu timaitchula kuti kwa Uje, kwa Uje. Ankati munthu wopanda kofikira, ngakhale basi imutule pakati penipeni pa tauni, sanafike.

Mawu amene ankawakonda kuposa onse anali akuti tsogolo. Ankati anthu a masiku ano amalitenga tsogolo ngati katundu amene anamangidwa kale, ali pa siteshoni kudikira mwini wake. Iwo ankati ayi, mawuwo anabadwira panjira ya kumunda, m'mamawa udzu uli wonyowa, anthu akuyenda mondondozana. Amene watsogola ndiye amagwetsa mame, ndiye amaona njoka, ndiye amasankha pokhotera, ndipo otsatira amangoona msana wake. Tsono tsogolo ndi kumene kuli munthu amene wayamba kuyenda, ndipo limapangidwa ndi mapazi. N'chifukwa chake pa mitanda sankalemba kuti anamwalira. Pansi pa dzina ankalemba liwu limodzi, ANATSOGOLA, ndipo mabanja ambiri anazolowera mpaka kumalipempha okha. Kaya akatswiri a chinenero angavomereze zonsezi kaya ayi, ine sindikudziwa. Ndikunena zimene ankanena iwo, ndipo ine ndinazikhulupirira.

Sikuti ankadziwa zonse. Mawu akuti mwayi ndi akuti tsoka anawasowetsa mtendere moyo wawo wonse. Anapalasa njinga mpaka kumidzi ya cha ku Chadiza kukafunsa nkhalamba kuti mawu awiriwa anachokera kuti, n'kubwerako ndi nkhuku yamphatso koma opanda yankho. Anavomera poyera kuti awawa sakudziwa kwawo. Ankati ndi alendo osadziwika, uziwalandira akabwera, koma usawapatse makiyi a nyumba.

Panali liwu limodzi limene sankalilemba zivute zitani, lakuti ZINALEMBEDWA. Madalaivala amalikonda liwu limeneli, ndipo mukaima pa Kapata lero muliona kumbuyo kwa magalimoto angapo, koma palibe ngakhale imodzi imene inalembedwa ndi amalume. Pa liwu limeneli ndi pamene panali mkangano wawo ndi akatekisiti a Jere, mkangano umene unkayambiranso Lamulungu lililonse Misa ikangotha. A Jere anali munthu wamtali, wowerenga, wosapsa mtima msanga. Ankati Mulungu amadziwa masiku a munthu aliyense asanabadwe, ndiye cholakwika n'chiyani kunena kuti zinalembedwa? Amalume ankayankha kuti kudziwa si kukankha. Iwo akaona mwana akuthamanga ndi chitini chodzaza penti amadziwiratu kuti atayira, koma si iwo amukankha. Ankapitiriza kuti makolo athu sankalemba. Munthu akafa ndi ukalamba ankati tsiku lakwana, akafa modabwitsa ankafufuza chimene chamudya. Liwu lakuti zinalembedwa linabwera ndi sileti ndi choko, ndipo anthu analikonda chifukwa limatseka pakamwa ofunsa. Pomaliza ankadziguguda pachifuwa, ati wolemba ndi iwowo, ndipo akudziwa kuti cholembedwa chilichonse chili ndi dzanja limene linachilemba, komanso kuti sandipepa amachichotsa. A Jere ankangopukusa mutu, n'kupita nawo kunyumba kukamwa tiyi.

Tonse tinkaziona ngati nkhambakamwa za akuluakulu awiri osowa chochita. Sitinkadziwa kuti tsiku lina liwu limeneli lidzawadyera mwana.

Dominiko ndi msuweni wanga, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anakulira m'shedi muja, ndipo kunena zoona dzanja lake linali lofewa kuposa la bambo ake. Amalume ankadziwa zimenezo ndipo ankanyadira mobisa. Koma mnyamatayo mtima wake unali pa chiwongolero. Anapeza laisensi, munthu wina anamupatsa minibasi yoti aziyendetsa pakati pa Kapata ndi Mwami, ndipo bodi lake analilemba ndi amalume, MWAMI, zilembo zofiira zamphepete yachikasu. Tsiku lina nyengo yogulitsa mtedza, masana dzuwa likuswa mtengo, minibasi ija inagunda munthu wapanjinga. Anali a Saimoni Tembo, mlimi wa mudzi wina wa m'mbali mwa msewu womwewo, atanyamula thumba la mtedza. Anafera pomwepo.

Okwera ambiri anali amalonda owoloka boda, ndipo anamwazikana osasiya mayina. Kondakitala anauza apolisi kuti wanjingayo anakhotera yekha mumsewu chifukwa cha kulemera kwa thumba. Nkhani inkaoneka kuti ithera pomwepo. Koma madzulo a tsiku lomwelo Dominiko anakhala pansi m'shedi n'kuuza bambo ake zoona zake. Ankapikisana ndi mnzake kuti akayambe kufika pa siteji ya kutsogolo kukatola anthu, ndipo anadutsa galimoto ina pamtunda posaoneka za kutsogolo. A Saimoni anali kumbali kwawo, sanalakwe kanthu.

Tinapita kumaliro monga banja la dalaivala, titanyamula ufa, nkhuni ndi bokosi. Amalume anapala mtanda, koma anali asanalembe chifukwa ankadikira kuti eni maliro anene mawu. Mwambo wathu mukuudziwa, maliro sathera pa kukwirira. M'mawa mwake anthu amakhala pansi, wina n'kuimirira kufotokoza chimene chadya malemu. Ine ndinakhala kumbali ya azimayi, pafupi ndi amake Dominiko, ndipo kumeneko n'kumene ndinamva manong'onong'o. Ankanena za mkazi wa malemu, Nasitaziya, amene anakhala chapatali atazyolika, ana ake atatu atamuunjirira. Ati mwana wake woyamba anamwalira ali khanda, chaka chatha nkhokwe yawo inapsa, lero mwamuna. Ati mkaziyu ndi watsoka, abwerere kwawo asanamalize mudzi. Iye anali wa chitengwa, ndipo kumeneko ana ndi a kuchimuna. Ndiye kuti akanachoka yekha, ana n'kutsala.

Anaimirira akulu awo a malemu, munthu waulemu wake, wofuna mtendere. Anati iwo sakufuna kukulitsa nkhani ndi banja la a Mbewe, limene lawalira nawo bwino. Anati mng'ono wawo anakhota yekha, mwinanso anali atalawako pang'ono pogulitsa mtedza, ndipo za tsoka limene lalowa m'nyumba ija akambirana paokha monga banja. Kenaka anatembenukira kwa amalume.

"A Mbewe, inu ndinu odziwa kulemba. Pansi pa dzina mutilembere kuti zinalembedwa, nkhani ithere pamenepo."

Amake Dominiko anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Ankawadziwa amuna awo. Amalume anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Pepani eni maliro, pepani mafumu. Liwu limenelo ine sindilemba. A Saimoni sanakhote, ndipo sanamwe. Mwana wanga uyu wandiuza yekha kuti ankathamangitsana ndi mnzake, anadutsa pamtunda. Mulungu sanaponde mafuta. Mayi awo ali apowo alibe tsoka lililonse. Chimene chawagwera chachokera m'nyumba mwanga, ndipo ndikupempha kuti musawalande ana chifukwa cha ife."

Dominiko anali atakhala kumbuyo kwa azibambo, ndipo ndinamuona akukweza mutu kuyang'ana bambo ake, osaphethira. Nasitaziya anayamba kulira mokweza, koyamba chiyambire m'mawa umenewo. Amalume anakhala pansi, natenga mtanda uja n'kuuika pamiyendo, natulutsa bulashi m'thumba la jekete. Analemba pomwepo anthu onse akuona, dzina la malemu, pansi pake ANATSOGOLA. Misozi inkagwera pa thabwa, iwo n'kumaipukuta ndi chigongono kuti isawononge penti.

Mawu onenedwa pagulu sabwezeka. Nkhani inafika kupolisi, mlandu unapita kukhoti, ndipo pamenepo ndimutamande msuweni wanga, sanakane. Anavomera yekha, n'kulowa m'ndende zaka zingapo, laisensi n'kupita. Nasitaziya anakhala pamudzi paja ndi ana ake onse.

Kunyumba kwa amalume kunazizira. Amayi anga anapita kukawalalatira alongo awo pamaso pa makasitomala, ati ndi mfiti yodya mwana wake masanasana, ati liwu limodzi lokha likanawathyola dzanja? Amake Dominiko sanalalate. Anangosiya kuwalankhula. Ine ndikapitako ndinkasanduka lamya. "Aginesi, uwauze amalume ako kuti madzi ali kubafa." Amalumewo ali pomwepo, mpando woyandikana. Iwo nawo n'kunena kuti, "Uwauze kuti zikomo." Zinali zoseketsa kwa wongodutsa, koma ine ndinkabwerako mtima uli wolemera. Anthu apamsika anagawikana. Ena ankati bambo weniweni amabisa mwana wake. Ena, makamaka anyamata onyamula anthu panjinga, anayamba kuvula zipewa podutsa pa shedi paja. A Jere okha sananene kanthu za nkhaniyi, ndipo kuyambira pamenepo mkangano wa Lamulungu uja unatha. Ankangobwera kudzakhala nawo chete.

Amalume ankapita kundende kukamuona mwana wawo atanyamula sopo ndi mtedza wokazinga. Dominiko ankakana kutuluka. Iwo ankasiya katunduyo kwa alonda n'kubwerera, mwezi wotsatira n'kupitanso. Atatuluka, Dominiko sanafike n'komwe pakhomo. Anakwera basi ya ku Lusaka, kumene anapeza ntchito yokonza matayala.

Anabwerako kamodzi, pa maliro a amayi ake. Anafikira kunyumba kwanga, ndipo kumanda anaima kutali, manja ali m'thumba, kuyang'ana bambo ake akuzika mtanda umene analembera mkazi wawo. Anthu atabalalika amalume anandiitanira pambali.

"Iwe Aginesi, mnzakoyu wafikira kwa yani?"

"Kwa ine, amalume."

Anagwedeza mutu kangapo. "Chabwino. Bola wafikira kwa munthu."

Ine ndinkadziwa tanthauzo la funso limenelo m'kamwa mwawo, ndipo ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira. Sabata yomweyo ndi pamene anapala mtanda wawo uja.

Tsiku lina, atayamba kale kutsokomola, ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati samanong'oneza bondo. Ndinkayembekeza kuti andiyankha ndi mwambi, monga ankachitira ndi madalaivala. Ayi ndithu. Anati palibe tsiku limene samulira mwana wawo, ndipo nthawi zina akamva hutala ya minibasi amadzidzimuka kuganiza kuti ndi iyeyo. Anati akanatha kupita okha kundende m'malo mwake akanapita akuthamanga. Koma sakanatha kutenga cholakwa cha m'nyumba mwawo n'kuchisenzetsa munthu wakufa, mkazi wamasiye ndi Mulungu, onse atatu osatha kudziyankhira pabwalo paja. Kenaka anandiuza kuti ndiwapatsire chitini cha penti yobiriwira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anamwalira nyengo yozizira chaka chatha, chifuwa chitawagwira. Pa maliro awo ndinaona zimene sindinaonepo. Maminibasi anasiya ntchito n'kundandalika kumbuyo kwa bokosi, anyamata a njinga ali kutsogolo, mabodi onse olembedwa ndi dzanja lawo akuyenda ulendo umodzi. Ngakhale amayi anga, amene anawatcha mfiti aja, anayenda mutu uli m'mwamba. Dominiko ndinamuimbira foni. Anangoti wamva, n'kudula. Kumanda achibale ena anafuna kuitana mnyamata wina wolemba zikwangwani kuti alembe msangamsanga tisachite manyazi. Amene anawaletsa ndi a Jere, atatsamira ndodo, maso atayamba kale kuchita khungu. Anati munthuyu anakangana naye moyo wonse ndipo sanamumvepo akunama, ndiye mawu ake omaliza asasanduke bodza. Mtanda unazikidwa woyera choncho.

Mvula inabwera, inapita. Ine ndinamutumizira Dominiko mauthenga mpaka kutopa, ndinamunyengerera, ndinamunyoza monga msuweni, osayankha. Ndinafika potaya mtima, n'kumaganiza kuti chaka chikakwana ndingophwanya lamulo lija.

Kutatsala pang'ono kuti chaka chikwane, pa benchi yanga ya salaula panaima mayi wina wa imvi zapatalipatali, atasenza kathumba ka mtedza. Anali Nasitaziya. Chaka chilichonse akakolola ankabweretsa mtedza kwa amalume, ndipo chaka chino anapita nawo kumanda posadziwa kopereka, n'kukaona mtanda uja. Anandifunsa chifukwa chake, ndinamufotokozera. Anatula kathumbako n'kunena kuti ndimuimbire munthuyo. Ndinamuuza kuti sayankha. Anati ndiimbe pa foni yake, nambala yachilendo. Dominiko anayankha.

"Ndine mkazi wa a Saimoni Tembo," anatero, atagwira foni ndi manja awiri. "Musadule, achimwene. Ine za inu ndinazisiya kalekale, munalipira kundende, ndilibe nanu mawu. Koma ana anga ndawalera ndekha m'nyumba mwanga chifukwa cha bambo anu. Mwamuna wanga ali ndi dzina pamanda pake, ndipo palibe amene amamutcha chidakwa. Tsono munthu amene anatichitira zimenezo agone ngati wosabala? Inu munawakwiyira, chabwino, n'zanu. Koma bwerani mudzalembe, mukatero mubwerere mukapitirize kukwiyako."

Sindinamve chimene anayankha. Nasitaziya anabweza foni m'chitenje, nandisiyira mtedza uja, n'kumapita.

Loweruka lotsatira madzulo ndinangoona munthu waima patsogolo pa benchi yanga, kachikwama kali paphewa, ndevu zitayamba kuyera. Anali Dominiko, ndipo poti chisuweni sichitha ndinamulandira ndi nthabwala.

"Iwe, ku Lusaka kulibe malezala? Wakalamba kuposa bambo ako."

Anaseka pang'ono, osaonetsa mano. Ndinayamba kulongedza katundu kuti tizipita kwathu, ndipo mwa chizolowezi chabe ndinamufunsa kuti afikira kwa yani.

"Kwa atate," anatero. "Makiyi uli nawo?"

Nyumbayo inali yotseka chaka chonse, yafumbi, yopanda ngakhale madzi akumwa. Ndinamupatsa makiyiwo pomwepo.

M'mawa mwake titatuluka ku Misa tinapita kumanda, ine, iyeyo, amayi anga ndi a Jere. Mabulashi a amalume anali atauma gwa, ndipo anayamba wawaviika m'mafuta n'kuwafewetsa ndi zala. Anazula mtanda uja, anaupukuta, anakhala pansi n'kuuika pamiyendo. Mizere ya msomali ija inali ikuonekabe. Dzanja linali litaiwala ntchito, linazolowera nyundo ndi matayala, ndipo chilembo choyamba chinatuluka chopendama, penti n'kuyenderera pansi. A Jere, amene sankaona bwino koma anamva kuusa moyo kwake, anamulimbitsa mtima.

"Chisiye mwanawe, chalembedwa kale. Anthu awerengabe."

"Atate sakanalola," anatero Dominiko.

Anapisa m'bokosi la zida za bambo ake n'kutulutsa sandipepa. Anapukuta penti ija, anakwecha malowo mpaka kuyera, anapakanso yoyera, ndipo tinakhala pamthunzi kudikira kuti iume. Palibe amene anadandaula za njala. Atayambiranso ndinaona kalilime katuluka pambali pa kamwa, ndipo amayi anga anandigwira dzanja. Analemba LUKASI MBEWE, pansi pake ANATSOGOLA, ndipo G uja anatuluka ndi kamchira kake kopindikira m'mwamba.

Pobwerera tinatsalira m'mbuyo awiri. Anandiuza kuti sakudziwa ngati wawakhululukira bambo ake, mwina sadzadziwa n'komwe. Koma zimene ananena pabwalo paja zinali zoona, ndipo iye anazidziwa kuyambira tsiku lomwelo, n'chifukwa chake zinkamuwawa. Anagona m'nyumba muja masiku angapo, anakonza chitseko chimene chinkakhuluka, n'kubwerera ku Lusaka atatenga bulashi imodzi. Akuti adzabweranso pa Khirisimasi. Ine sindikumukakamiza.

Shedi ija ikadalipo pansi pa mtengo wa mango. Ndimadutsapo m'mawa uliwonse popita kumsika. Chitini chimene ankakhazikapo makasitomala chinachita dzimbiri, ndipo khoma limene ankayeserapo mabulashi likadali ndi mikwingwirima ya mitundu yonse, ina pamwamba pa inzake. Kudenga kwatsala misomali iwiri pamene panapachikidwa mtanda uja. Madalaivala a masiku ano amagula zomata zosindikizidwa pa kompyuta, ndipo palibe amene amawafunsa ngati akudziwa kwawo kwa mawu amene anyamula. Pakhomo pa shedi palibe chikwangwani, chifukwa amalume analembera tauni yonse koma sanadzilemberepo chawo. Komabe minibasi iliyonse yochokera ku Mwami ikayandikira mtengo wa mango uja, kondakitala amamenya chitseko n'kufunsa ngati alipo otsika kwa Zilembo, ndipo anthu amatsika.